Mmene mungakhalire ndi kutopa kwa kemo muli kuno ku Joni

Munthu akauzidwa kuti ayamba kemo, mankhwala amphamvu aja olimbana ndi khansa, maganizo ake amathamangira ku tsitsi lothothoka ndi kusanza. Koma mukacheza ndi amene adutsamo, ambiri amadandaula za kutopa kuposa zinazo. Si kutopa kuja timakudziwa tikaweruka ku gadeni kapena tikaima tsiku lathunthu m'shopu ku Fordsburg, kumene ukasamba, n'kudya nsima, n'kugona, m'mawa umadzuka uli gwa. Uku umagona usiku wonse n'kudzuka thupi lili lefu, miyendo yolemera, mutu wosafuna kuganiza. Kudzipukuta ukasamba kumasanduka ntchito. Kumagwira anthu ambiri amene ali pa kemo, kaya khansa yake ndi ya m'mawere, ya khomo la chiberekero, ya m'matumbo, kapena ya pakhungu ija ya Kaposi.

Kwa ife a kuno nkhaniyi ili ndi kulemera kwakekwake. Tinabwera kudzagwira ntchito, lendi sidikira, kumudzi akuwerengera tsiku lokatenga ndalama ku Mukuru, ndipo achibale amene akanatiphikira phala ali kutsidya kwa malire atatu. Mawu oti "ingopumani" satikwanira. Zimene zili pansipa zitsateni mwa ndondomeko yake, chifukwa zoyambirirazo ndi zimene zimapulumutsa moyo. Dokotala wanu ndiye ali ndi fayilo yanu. Akanena zosiyana ndi izi, tsatirani zake.

Yambani ndi kugula themomita

Musanaganize za zakudya kapena tulo, lowani mu Clicks, mu Dis-Chem kapena famase iliyonse mugule themomita ya dijito, ija yoika m'kamwa kapena m'khwapa. Kemo imapha maselo amene amachulukana msanga, ndipo sisankha: pamodzi ndi maselo a khansa imagundanso mafuta a m'mafupa, kumene kumapangidwa magazi. Maselo oyera, asilikali a m'thupi aja, amatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 kuchokera pamene munalandira diripi. Masiku amenewo matenda amene munthu wina sangawamve n'komwe angathe kukugwetsani m'maola ochepa, ndipo poyamba amaoneka ngati kutopa kwa masiku onse.

Themomita ikaonetsa 38 kapena kuposa pamenepo, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Musamwe Panado n'kudikira kuti kuche. Panado amangotsitsa kutentha, matendawo akupitirira m'kati. Mukafika ku casualty, mawu anu oyamba akhale akuti muli pa kemo ndiponso tsiku limene munalandira komaliza, khadi la kuchipatala lili m'manja. Chitaninso chimodzimodzi mukamanjenjemera ndi kuzizidwa, mukamabanika muli chikhalire, pachifuwa pakamapweteka, mtima ukamathamanga mosaleka, mukamva chizungulire chofuna kukugwetsani, mutu ukasokonezeka, magazi akamatuluka m'mphuno kapena m'nkhama osasiya, mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mukamasanza ndi kutsegula m'mimba mpaka madzi osakhazikika tsiku lathunthu. Ambulansi imaitanidwa pa 10177, kapena pa 112 ngati mukuimba pa foni ya m'manja. Nambala zimenezi pamodzi ndi ya wodi ya khansa zilembeni pa pepala mumate pakhoma, kuti amene mukukhala naye asamafufuze m'foni mwanu inu muli chikomokere.

Kenako pezani kope

Kutopa kwa kemo kuli ndi kayendedwe kake, ndipo mukakadziwa theka la nkhawa limachoka. Ambiri amalandira diripi pa milungu 3 iliyonse, ena pa milungu 2, ena mlungu ndi mlungu. Tsiku la diripi ndi lotsatira lake mwina mudzamva mphamvu yodabwitsa, tulo osabwera. Ameneyo ndi dexamethasone, mankhwala amene amaphatikizamo pofuna kuchepetsa nseru. Akatha m'thupi, cha pa tsiku la 3 mpaka la 5, munthu amagwa. Mayi wina wa kumpingo kwathu, wogwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, analandira diripi Lolemba. Lachiwiri anachotsa makatani onse a m'chipinda chake n'kuwachapa pamanja, akuimba, n'kutiimbira foni kuti, "Achimwene, mankhwala aja andigwirizana." Lachinayi tinamupeza atagona chafufumimba, kapu ya tiyi itazizira pampando chifukwa dzanja linkalephera kuinyamula. Panalibe chimene chinalakwika. Umo ndi mmene mankhwalawo amayendera, kungoti iye anathera mphamvu za mlungu wonse pa makatani.

M'kopemo lembani kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Ikani deti, tsiku la chingati kuchokera pa diripi, ndi nambala ya kutopa kuyambira 0 mpaka 10. Madokotala amawerenga chonchi: 1 mpaka 3 ndi kutopa kochepa, 4 mpaka 6 ndi kwapakati, 7 mpaka 10 ndi koopsa kumene kukulepheretsani zinthu za tsiku ndi tsiku. Pambali pake onjezerani maola amene munagona, zimene munadya, ndi zimene themomita yaonetsa. Mzere umodzi ndi wokwanira. Pakatha maulendo awiri a kemo mudzatha kuloza ndi chala kuti masiku anga oipa ndi awa, abwino ndi awa, ndipo nthawi yanga yamphamvu ndi 9 koloko m'mawa kapena 4 koloko madzulo. Kwa amene amalandira pa milungu 3, mlungu wachitatu ndiwo umakhala wopepukirako.

Dziwiranitu kuti kutopaku kumaunjikana. Ulendo wachinayi kapena wachisanu umalemera kuposa woyamba, ndipo zimenezo pazokha sizitanthauza kuti khansa yakula.

Kopelo mupite nalo kwa dokotala, ndipo musanene kuti muli bwino

Amalawi tinaleredwa mwaulemu wopitirira. Dokotala akafunsa mmene tikumvera, timamwetulira n'kuyankha kuti tili bwino, kenako timakadandaulira mnzathu pa mzere wa mankhwala. M'chipatala cha boma dokotala amaona anthu ambiri pa tsiku, ndipo sangakumbe chimene simunatchule. Tsegulani kopelo mumuonetse manambala. Ngati Chingelezi chimakuthawani mukakhala ndi mantha, pitani ndi munthu woti akulankhulireni.

Kemo isanaperekedwe amayamba akutengani magazi, kuyeza kumene amakutcha FBC. Funsani kuti, "Hb yanga ili pa zingati?" ndipo yankho mulilembe. Hb ndi imene imanyamula mpweya m'magazi. Ikatsika pansi pa 12 kwa amayi kapena pansi pa 13 kwa abambo, magazi achepa. Ikafika cha pa 7 kapena 8, madokotala nthawi zambiri amaganiza zokuikani magazi, ndipo munthu amamva kusintha pasanapite masiku ambiri. Kuno kuchepa kwa magazi kumamveka msanga chifukwa Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Mangochi kapena Nkhotakota safika n'komwe pa 500. Mpweya wa kuno ndi wopyapyala, choncho Hb ikatsika pang'ono masitepe amakuuzani.

Musathamangire kugula mapiritsi a ayironi kapena mabotolo aja amati owonjezera magazi. Nthawi zambiri vuto si kusowa ayironi koma kuti mafuta a m'mafupa afooka ndi mankhwala. Dokotala ndiye angayeze n'kusiyanitsa. Muuzeninso mankhwala onse amene mumamwa: ma ARV, a TB, a BP, a shuga. Ma ARV sasiyidwa chifukwa cha kemo, koma ena, monga AZT, amachepetsa magazi, ndipo dokotala angafune kusintha. Tchulani ululu ngati ulipo, chifukwa kupirira ululu usana ndi usiku kumamaliza mphamvu. Tchulaninso ngati mankhwala a nseru akukugonetsani kapena akukudzimbitsani. Ondansetron amadziwika ndi kudzimbitsa, ndipo munthu wodzimbidwa sadya.

Pa nkhani ya zitsamba ndilankhula mosabisa. Azakhali adzatumiza mtolo pa basi, mnzanu wa kuntchito adzakulozerani kumisika ya zitsamba ya ku Faraday kapena ku Mai Mai, wina adzabwera ndi botolo lodula lolimbitsa chitetezo. Onsewo ndi achikondi. Koma chiwindi ndi impso zanu zili kale pa ntchito yaikulu yotulutsa kemo m'thupi, ndipo mankhwala ena azitsamba amasokoneza kagwiridwe ntchito kake. Ngakhale chipatso cha grapefruit chimaletsedwa pa mankhwala ena a khansa. Landirani mphatsoyo, thokozani, koma musamwe musanamuonetse dokotala.

Gawani mphamvu zanu

Ganizani za mita ya magetsi ya mayunitsi. Kale munkathiramo ambiri osayang'ana n'komwe. Tsopano m'mawa uliwonse mumalowa ochepa, ndipo mukayatsa giza, sitovu ndi simbi nthawi imodzi, pofika masana nyumba yonse yazima. Thupi limasiyana ndi mita pa chinthu chimodzi: limalola kukongola, koma limalipiritsa mwankhanza. Mukadzikakamiza lero, mawa ndi mkuja mumabweza muli chigonere.

Choncho usiku uliwonse sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu zokha zoti muchite mawa, ndipo cholemetsa chiikeni pa ola lanu lamphamvu lija la m'kope. Pumani musanatope, osati mutatopa kale: mphindi 15 za ntchito, mphindi 10 zokhala pansi.

Chilichonse chimene chingachitike muli pampando chichitike muli pampando. Posamba ikani mpando wapulasitiki m'bafa kapena pambali pa beseni, madzi akhale ofunda osati otentha kwambiri, chifukwa otentha amabweretsa chizungulire. Mukatha, dzifundeni tawulo lalikulu n'kukhala kaye mpaka muume nokha. Valani muli pabedi. Dulani masamba muli patebulo. Kuvundula nsima kumafuna mapewa, ndiye masiku oipa phikani kampoto kakang'ono kofewa, kapena mpunga, mbatata, phala. Mlungu wabwino uja phikani nyemba ndi ndiwo zina zambiri, muzigawe m'timakontena ta chakudya cha kamodzi n'kuziumitsa m'filiji. Mapoto, shuga, mchere ndi makapu zitsitseni pa shelefu yofika m'chiuno, kuti musamawerame kapena kutambasuka.

Madzi a mumzinda muno amatha mosachenjeza. Sungani m'mabotolo a malita 2 kapena 5, osati m'chigubu cha malita 20 chimene simungathe kuchipendeketsa. Amene mumakhala m'mafulati a ku Hillbrow, Berea kapena Yeoville kumene lifiti inafa kalekale, tsikani kamodzi pa tsiku mutasonkhanitsa zonse zofunika kunja, ndipo pokwera muziima pa nsanjika iliyonse. Ngati pali mnansi wa pansi amene angasinthane nanu chipinda kwa miyezi ingapo, funsani. Choipa kwambiri chimene anganene ndi kukana.

Nyumba ikhale ndi fumbi pang'ono miyezi imeneyi. Malaya avalidwe osasita. Palibe amene anamwalira ndi zimenezo.

Yendani, ngakhale simukufuna

Apa ndi pamene anthu ambiri amandiyang'ana modabwa. Munthu wotopa ayendenso? Koma pa njira zonse zimene ofufuza anaziyesa pa kutopa kwa khansa, kulimbitsa thupi mopepuka ndiko kunaonetsa phindu lodalirika, kuposa mapiritsi. Ukagona masiku ambiri minofu imasungunuka, ndipo kantchito komweko kamafuna mphamvu zambiri kuposa kale. Ukatopa kwambiri umagonanso kwambiri, zinthu n'kumangoipirabe.

Yambani ndi mphindi 5 kapena 10, kufika pa shopu ya pakona n'kubwerera. Masiku angapo akadutsa onjezerani mphindi 2. Cholinga n'kufika pa mphindi 30 masiku ambiri a pa mlungu, koma zingagawidwe katatu, ndipo mlungu woipa ungakubwezeni pa 5, palibe vuto. Liwiro loyenera ndi limene mungayende uku mukucheza. Mukayamba kudula mawu chifukwa cha befu, chepetsani. Tsiku limene simungatuluke, khalani pampando n'kuimirira kasanu, pumani, bwerezani.

Nyengo ya dzinja la kuno, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, m'mawa kumazizira koopsa, ndiye dikirani dzuwa likwere cha m'ma 10 koloko. Amene akulandira oxaliplatin avale magolovesi ndi kuphimba pakamwa, chifukwa mankhwala amenewa amachititsa kuti kuzizira kuzilasa m'zala ndi pakhosi. Nthawi yotentha yendani m'mamawa, mabingu a masana asanayambe, mutavala chipewa, popeza mankhwala ena monga 5-FU ndi capecitabine amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Mapazi akayamba dzanzi siyani mapatapata, valani nsapato zotseka, ndipo muuzeni dokotala. Pitani ndi mnzanu, makamaka m'mapaki. Musayende tsiku limene thupi latentha, mukumva chizungulire, kapena akuuzani kuti magazi atsika kwambiri. Ngati khansa inafika m'mafupa, pemphani kaye kuonana ndi physiotherapist, katswiri wa mafizo, wa pachipatala pomwepo.

Idyani pang'onopang'ono, imwani kwambiri

Mbale yodzaza imagwetsa ulesi munthu wa nseru. Idyani tochepa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, potsatira wotchi osati njala, chifukwa njalayo mwina sibwera. Chofunika kwambiri ndi zakudya zomanga thupi: mazira owiritsa bwino, nyemba, nkhuku, nsomba, chiponde, chambiko cha m'botolo chogula m'shopu. Phala lothira nsinjiro kapena chiponde ndi mkaka limalowa ngakhale tsiku loipa. Usipa ndi matemba zimapezeka kwa Amalawi anzathu ogulitsa ku Yeoville ndi madera ena. M'kamwa mukakhala zilonda, kazingani, sinjani kukhala ufa, muthire m'msuzi kapena m'phala la mchere. Zilondazo muzichukucha kangapo pa tsiku ndi kapu ya madzi ofunda yothira kamchere ndi ka soda wa bicarbonate pang'ono. Chakudya chikamamveka chitsulo m'kamwa, yesani supuni yapulasitiki. Fungo la zotentha likamakunyansani, dikirani zizizire, ndipo wina aziphika inu muli panja. Tiyi wa jinja amathandiza ena pa nseru.

Madzi akhale pafupifupi malita 2 pa tsiku, kupatula ngati dokotala wakuletsani chifukwa cha mtima kapena impso. Dzazani botolo m'mawa, muliike pamene mukuliona. Maheu, msuzi ndi tiyi wa rooibos zimawerengedwa. Mkodzo ukakhala wachikasu chakuda, madzi achepa. Koma amene alandira diripi yofiira ija ya doxorubicin asadabwe mkodzo ukafiira tsiku limodzi kapena awiri.

Masiku amene asilikali a m'thupi atsika, chakudya chikhale chopsa bwino ndi chatsopano. Mkute wogona pa sitovu, mazira osapsetsa, mkaka wosawiritsa wa kufamu, ndi nyama imene inasungunuka magetsi atazima n'kuumanso, zonsezo zisiyeni. Zakumwa za m'zitini zija zopatsa mphamvu zimakukwezani kwa ola limodzi n'kukusiyani pansi kuposa pamene munali, n'kukuberaninso tulo.

Za kusala kudya, kaya pa Ramadan kapena pa mapemphero a kutchalitchi, kambiranani ndi dokotala komanso shehe kapena m'busa wanu. Chisilamu chimalola wodwala kusasala, ndipo m'busa wanzeru sangakakamize munthu amene ali pa diripi.

Konzani tulo

Masana gonani mphindi 20 kapena 30, 3 koloko isanakwane, mutatchera alamu. Mukagona maola atatu masana, usiku mudzakhala maso. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Ngati akupatsani mapiritsi a dexamethasone kapena prednisone okamwera kunyumba, funsani ngati mungamamwe m'mawa. Khofi, tiyi wakuda ndi Coke zithere masana. Foni izikhala chete usiku. Magulu a WhatsApp a kumudzi sagona.

Chenjezo limodzi la m'dzinja: musagone ndi mbaula kapena hita ya palafini m'chipinda chotseka. Utsi wake wosaoneka umayamba ndi mutu, kufooka ndi kuwodzera, zimene munthu wa pa kemo angaganize kuti ndi za mankhwala. Chaka chilichonse mbaula imapha anthu m'mashaki a mu Gauteng. Bulangete lowonjezera ndi botolo la madzi otentha lokulunga m'nsalu ndi zokwanira.

Tsiku la diripi

Kaya mumapita ku Charlotte Maxeke ku Parktown, ku Chris Hani Baragwanath ku Soweto, kapena kwina, tsikuli liwerengeni ngati lathunthu, chifukwa magazi amayamba ayezedwa mankhwala asanakonzedwe. Longedzani chikwama usiku: khadi, pasipoti, kope, mankhwala onse, botolo la madzi, kachakudya, chaja, ndi chitenje kapena kabulangete. Ulendo wovuta si wopita koma wobwerera, pamene muyenera kuima pa mzere wa takisi ku Noord kapena ku Bree nthawi yoweruka. Ngati ndalama ya Bolt kapena Uber ilipo ya ulendo umodzi wokha, isungireni pobwerera. Mu takisi valani masiki ndipo khalani pawindo. Pezani woti akudikireni pageti.

Musajombe kuchipatala chifukwa chotopa. Pitani mukanene mmene mulili. Dokotala angathe kusuntha tsiku kapena kuchepetsa mlingo wa mankhwala, koma zimenezo azichite iye atayang'ana magazi anu.

Ntchito ndi ndalama

Ambiri amabisa matendawa kwa abwana poopa kuchotsedwa. Manthawo ndi omveka, koma munthu amene akufooka popanda chifukwa chodziwika ndiye amachotsedwa msanga. Pemphani kalata kwa dokotala, ndipo kope lija likuthandizani kupita ndi pempho lomveka: "Mlungu wa diripi ndizijomba Lachitatu mpaka Lachisanu, mlungu wachitatu ndizibweza." Wa m'gadeni apemphe kuti zotchetcha ndi zokumba zizichitika m'mawa, kapena abweretse mnzake wogwirizira. Mlonda wa usiku apemphe shifiti ya masana. Telala ndi wa pa kauntala apemphe mpando.

Lamulo la Basic Conditions of Employment Act limapereka tchuthi cha matenda cholipidwa chofanana ndi masiku amene mumagwira pa milungu 6, ndipo chimawerengedwa pa zaka 3 zilizonse. Wogwira masiku 5 pa mlungu ali ndi masiku 30, wa masiku 6 ali ndi 36, ndipo amene amapita kwa abwana ena tsiku limodzi pa mlungu ali ndi masiku 6 kumeneko. Miyezi 6 yoyambirira pa ntchito yatsopano, tsiku ndi limodzi pa masiku 26 aliwonse amene mwagwira. Antchito a m'nyumba ndi a m'gadeni nawonso ali m'lamuloli. Ngati abwana anakulembetsani ku UIF, thumba la boma lothandiza antchito malipiro akaima, ndipo amadula 1 peresenti pa malipiro anu, mungapemphe ndalama za matenda ku ofesi ya Labour, mutatenga fomu ya UI-19 kwa abwana ndi umboni wa dokotala. Akakuchotsani chifukwa chodwala popanda ndondomeko yoyenera, bungwe loweruza nkhani za pantchito la CCMA limamva dandaulo mwaulere, koma lifike pasanathe masiku 30. Thandizo la ndalama la boma la olumala, lodzera ku SASSA, ndi la nzika za dziko lino, okhala ndi chilolezo chokhazikika, ndi othawa kwawo ovomerezeka, choncho ambiri a ife tisaliwerengere. Pa za bilu ya kuchipatala ndi thiransipoti, funsani kuonana ndi social worker wa pachipatalapo musanafike pothedwa nzeru.

Kumudzi auzeni zoona, ngakhale munthu mmodzi yekha wokhwima maganizo, kuti ndalama zichepa kwa miyezi ingapo. Kupitiriza kutumiza monga kale, inu mukudya buledi wouma ndi tiyi, n'kudzipha.

Anthu okuzungulirani

Aliyense adzanena kuti, "Mukafuna kanthu mutiuze." Mawu amenewa sasanduka thandizo pokhapokha muwapatse ntchito yeniyeni. Uyu azibweretsa ndiwo Lachinayi la mlungu wa diripi, uyu azichapa, uyu azitenga mwana kusukulu, uyu azikuperekezani. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, abale a kumzikiti ndi a pa chipereganyu amadziwa kugawana ntchito zotere. Amangofuna kuuzidwa tsiku. Sankhani munthu mmodzi woti aziyankha mafoni m'malo mwanu.

Kuzonda odwala ndi mwambo wathu wabwino, koma ndaonapo chipinda chimodzi chitadzaza anthu Lamulungu masana, nsapato zili mbwee pakhomo, nyimbo zili m'kati, wodwalayo ali chiimire pa ketulo kuwakonzera tiyi. Ikani malire, ndipo wokuyankhirani mafoni uja ndiye awanene: anthu awiri nthawi imodzi, mphindi 20, asambe m'manja, wa chimfine apempherere kwawo.

Kutopa kwina kumachokera mumtima. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposa simukusangalala ndi chilichonse, mukulira pafupipafupi, kapena mukuganiza kuti bola kufa, muuzeni dokotala; amenewo ndi matenda ochizika, si kuchepa kwa chikhulupiriro. Bungwe la SADAG, lothandiza ovutika maganizo, limayankha pa 0800 567 567, ndipo CANSA, bungwe la za khansa la dziko lino, lili ndi nambala yaulere ya 0800 22 66 22 yopereka uphungu kwa odwala ndi owasamalira.

Diripi yomaliza ikatha

Mphamvu sizibwerera tsiku lomwelo. Kwa ambiri pamapita milungu kapena miyezi, kwa ena chaka, makamaka ngati kemo yatsatana ndi opaleshoni kapena radiation. Pitirizani kuyenda ndi kulemba m'kope, ndipo bwererani kuntchito mokwera pang'onopang'ono.

Mtima udzafuna kupita kumudzi. Funsani kaye dokotala. Basi yodzera ku Beitbridge, Harare ndi Tete imatenga pafupifupi masiku awiri, ndipo kukhala chopinda miyendo nthawi yotalika choncho kungaundanitse magazi m'mitsempha ya munthu wa khansa, ndiye muzitsika n'kuyendayenda paliponse pamene yaima. Tengani kalata yofotokoza mankhwala amene munalandira, mankhwala okwanira ulendo wonse, ndi oteteza malungo, chifukwa amene wakhalitsa ku Johannesburg, kumene kulibe malungo, chitetezo chake chakale chimakhala chitachepa. Gonani m'neti usiku uliwonse. Mukabwerako thupi n'kutentha, ngakhale patapita milungu ingapo, auzeni a kuchipatala kuti munali ku Malawi ndipo akuyezeni malungo tsiku lomwelo.